Albert Claude: Mnyamata wa ku Fakitale Amene Anaona M'kati mwa Selo

Anzanga, chithunzi cha selo chomwe timajambula pa Biology chija, cha mitochondria ndi endoplasmic reticulum, sichinangogwa kumwamba n'kulowa m'buku. Panali anthu amene anachivutikira. Mmodzi mwa iwo ndi Albert Claude wa ku Belgium, munthu amene analibe ngakhale satifiketi ya sekondale.

Claude anabadwira m'mudzi wa Longlier chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Mayi ake anamwalira ndi khansa ya m'mawere iye ali ndi zaka pafupifupi 7. Banja lawo linasamukira ku Athus, tauni ya mafakitale a zitsulo, ndipo sukulu inamuthera panjira. Anadwazika wachibale kwa nthawi yaitali, kenako n'kulowa ntchito ku fakitale. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anagwira ntchito yaukazitape kumbali ya Britain mpaka anamangidwa. Nkhondo itatha, boma la Belgium linalola omwe anatumikira pankhondo kulowa yunivesite opanda satifiketi. Claude sanachedwe. Analowa University of Liège mu 1922, ndipo mu 1928 anatuluka ali dokotala.

Mu 1929 anapita ku Rockefeller Institute ku New York kukafufuza za khansa. Kumeneko ankapera maselo n'kuwazunguliza mwaliwiro m'makina otchedwa centrifuge. Tizigawo tolemera tinkayamba kukhala pansi, topepuka pambuyo, ngati mmene mchenga umatsikira msanga m'ndowa ya madzi amatope. Motero ankatha kupatula zigawo za selo n'kuyeza ntchito ya chilichonse. Koma ankafunanso kuziona zili pamalo pake m'selo yathunthu.

Apa ndiye panali nkhani. Electron microscope inalipo kale, ndipo imakulitsa zinthu kuposa microscope ya kuwala. Vuto lake ndi lakuti m'kati mwake mulibe mpweya, choncho selo yamadzi ikalowamo imauma n'kukwinyika. Komanso ma electron amayenera kudutsa m'chinthu chomwe ukuonacho. Chikakhala chokhuthala, umangoona bii. Makina abwino analipo, koma chowaikamo panalibe.

Claude anagwirizana ndi Keith Porter ndi Ernest Fullam. Anatenga maselo a kamwana ka nkhuku kosaswedwa m'dzira, n'kuwalera pa galasi lokutidwa ndi kapulasitiki kopyapyala kwambiri. Maselowo pokula ankayala thupi lawo mpaka m'mphepete mwake munapyapyala mokwanira. Kenako anawafukiza nthunzi ya osmium tetroxide. Mankhwalawa amalimbitsa selo kuti isasinthe maonekedwe, ndipo poti osmium ndi chitsulo cholemera, imadetsa zigawo zina kuti zioneke. Atatero anasenda kapulasitiki kaja, kuika pa kasefa kawaya, n'kuumitsa. Mu 1945 anafalitsa chithunzi choyamba cha selo yathunthu chojambulidwa ndi electron microscope. M'chithunzimo munaoneka timizere tolukana ngati ukonde, tomwe Porter anadzatitcha endoplasmic reticulum. Eya, yomwe ija imativuta kalembedwe pa mayeso!

Lero akatswiri amalimbitsa kachidutswa ka thupi ndi glutaraldehyde ndi osmium, kuchotsa madzi ndi alcohol, kukaumitsa m'pulasitiki, kenako kukadula ndi mpeni wa galasi kapena wa diamondi. Kagawo kamodzi kamapyapyala moti ungafunike kusanjikiza pafupifupi 1,000 kuti tifanane ndi kukhuthala kwa tsitsi limodzi. Ntchitoyi imatenga masiku, ndipo ukathamangira sitepe imodzi, chithunzi chimakunamiza: umaona zowonongeka n'kumati ndi mmene selo ilili.

Claude anabwerera kwawo mu 1949 kukatsogolera Jules Bordet Institute, malo ochiza ndi kufufuza khansa ku Brussels, matenda omwe aja anatenga mayi ake. Mu 1974 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Christian de Duve ndi George Palade. Anamwalira ku Brussels pa 22 May 1983.

Tsono a Fomu 3 ndi 4, mukamajambula selo sabata ino, solani pensulo bwino ndipo musathamange. Timizere timeneto tinaoneka chifukwa wina anafatsa pokonza chinthu chosaoneka ndi maso, ndipo munthu wakeyo anayambira ku fakitale.