Edward Young ndi Sitima ya Ilala

Ife a ku Mangochi tikamva dzina loti Ilala timangoganiza za sitima ya masiku ano, koma ine ndimakumbukira Edward Daniel Young, msilikali wa pamadzi wa ku England amene anabadwa mu 1831.

Mu 1866 Musa, mmodzi mwa onyamula katundu a David Livingstone, anafalitsa mbiri yoti Livingstone waphedwa. Young, amene adagwirapo ntchito ndi Livingstone pa sitima ya Pioneer, sanakhulupirire. Mu 1867 anakwera mtsinje wa Shire ndi bwato lotchedwa Search, nafunsa mafumu a kummwera kwa nyanja mpaka anatsimikiza kuti nkhaniyo inali bodza.

Anabweranso mu 1875 akutsogolera amishoni a Livingstonia, pamodzi ndi Robert Laws. Anthu mazanamazana anasenza zidutswa za Ilala kulambalala mathithi a Shire, ndipo pa 12 Okutobala sitimayo inalowa m'nyanja. Chimandiwawa n'chakuti mabuku amatchula Young yekha, mayina a osenzawo palibe.

Malo amene anakhazikitsa ku Cape Maclear anawavuta ndi malungo, ndipo mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881. Young anamwalira mu 1896.