DU CHISIZA JR: KATSWIRI WA ZISUDZO AMENE ANAYAMBIRA PA SUKULU

M'kope lino ndafuna kuti tikumbukire munthu amene anaonetsa Amalawi kuti kuchita zisudzo ndi ntchito yoti munthu nkudyerapo, osati masewera a ana ayi. Munthuyu ndi malemu Dunduzu Chisiza Junior, amene ambiri ankangomutchula kuti Du.

Du anabadwa pa 26 Malichi 1963. Bambo ake sanawaone ndi maso, pakuti a Dunduzu Chisiza, amene anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress Party, anafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe, kufupi ndi Zomba, mu Seputembala 1962. Mu 1967 a Yatuta Chisiza, achimwene a bambo akewo, anaphedwa ku Mwanza atalowa m'dziko ndi zida kuti agwetse boma la Dr Kamuzu Banda. Choncho mnyamatayu anakula ndi dzina lolemera, dzina limene anthu ena ankaopa kulitchula mokweza.

Chimene chimandikoka mtima ine pa mbiri yake ndi chakuti anayamba ali pa sukulu ngati ife tomwe. Akuphunzira pa sekondale ya HHI ku Blantyre, analemba ndi kutsogolera sewero lotchedwa The Deceased's Attack, limene linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu a m'dziko lonse mu 1982. Pambuyo pake anapita ku Philadelphia, ku Amerika, kukaphunzira luso la zisudzo. Atabwerera kumudzi anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, gulu loyamba m'Malawi muno lochita zisudzo ngati ntchito yolipidwa.

Masiku amenewo kulemba sewero sinali nkhani yamasewera. Lamulo la 1968 linapatsa mphamvu bungwe la Censorship Board kuti liziona sewero lisanaonetsedwe kwa anthu, ndipo mawu amodzi olakwika akadatha kumulowetsa munthu m'ndende popanda mlandu. Nanga Du ankadutsa bwanji? Ankalankhula mokuluwika. Ife a ku Mphunzi kuno, kumene Gule Wamkulu sasowa, njira imeneyi timaidziwa: chilombo chimadzudzula pabwalo khalidwe limene munthu wamba sangalidzudzule maso ndi maso. Du nayenso ankabisa uthenga wake m'nthabwala ndi m'mafanizo. Anthu oonera Papa's Empire ankaseka, koma potuluka m'holo ankanong'onezana kuti seweroli likukhudza ulamuliro wa nthawiyo.

Analemba masewero opitirira 20, ena mwa iwo ndi Fragments, Educating Mwalimu, Barefoot in the Heart, Tatuya Futi ndi Democracy Boulevard. Ambiri anali a m'Chingerezi, pamene gulu la Kwathu linkasangalatsa anthu m'Chichewa. Iye mwini ankalemba, kutsogolera ndi kusewera, ndipo malo monga French Cultural Centre ku Blantyre ankadzaza Wakhumbata ikabwera.

Koma moyo wa munthu suyenda chingwe chimodzi. Mu 1993, chaka chimene Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni, Du anavomera kukhala nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe m'boma lomwelo la Dr Banda. Ambiri anadabwa ndipo ena anakhumudwa. Zitheka bwanji kuti mwana wa a Chisiza, amenenso ankadzudzula boma pa nsanja, akhale pa gome limodzi ndi a Ngwazi? Unduna wakewo sunakhalitse, chifukwa chipani cha Kongeresi chinagonja pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, ndipo iye anapitiriza ntchito yake ya zisudzo.

Ine sindifuna kumuweruza, pakuti mutu umodzi susenza denga ndipo nkhani yotere imafuna maganizo a ambiri. Komabe ndikuona kuti mawu ake anali ndi mphamvu zedi ali pa nsanja kuposa ali mu ofesi ya nduna. Lero anthu akamutchula amakumbukira masewero ake, osati mpando uja.

Du anamwalira pa 24 Febuluwale 1999, atatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 36. Gertrude Kamkwatira, mmodzi mwa amene anasewera naye, anatsogolera Wakhumbata kwa kanthawi, kenaka anayambitsa gulu lake la Wanna-Do mpaka pamene iyenso anatisiya mu 2006.

Kwa inu anzanga a m'kalabu ya zisudzo, amene mumaloweza mizere usiku ena akugona, musadzione ngati otaya nthawi. Du analemba sewero lake lopambana lija ali ndi zaka 19 zokha, atavala yunifomu. Funso lotsalira kwa ife ndi ili: tikakwera pa nsanja, kodi tili ndi choonadi chotani choti tiuze anthu, ndipo kodi tidzachisungabe tsiku limene akuluakulu adzatiitanira ku mpando wonona?