Johnny Dyani, katswiri wa besi amene anamwalirira kucilendo

Pa 24 October 1986, tsiku limene dziko la Zambia linali kukondwerera zaka 22 za ufulu wodzilamulira, mumzinda wa West Berlin ku Germany munamwalira mwana wa kumwera kwa Africa amene nayenso anali atatha zaka 22 ali kunja kwa dziko lake. Munthuyo anali a Johnny Mbizo Dyani, woliza besi wa ku South Africa, amene akatswiri a nyimbo za jazz amawawerengera pakati pa anthu amene anasintha kalizidwe ka cida cimeneci.

A Dyani anabadwira ku East London, m'cigawo ca kum'mawa kwa Cape, ndipo anakulira m'komboni ya Duncan Village. Mabuku ambiri amati anabadwa mu 1945, koma kafukufuku wina anasonyeza caka ca 1947. Ali mwana anamva nyimbo za Axhosa, nyimbo za m'chalichi, ndiponso marabi ndi kwela, zimene zinali kumveka m'makomboni a anthu akuda. Iwo anali woimba ndi pakamwa, ankadziwanso piyano, koma cida cimene anadziwika naco ndi besi yaikulu ya matabwa ya nsambo zinai, imene woliza amaiimika pansi ndi kuiliza ataimirira. Nchito yake m'gulu ikufanana ndi ya babatoni kapena kalindula m'magulu a kuno kwathu: ndiyo imapereka liu la pansi limene oimba ena onse amapondapo.

Pofika caka ca 1964, a Dyani, akali mnyamata wosafika zaka 20, anali m'gulu lochedwa Blue Notes. M'gululi munali a Chris McGregor pa piyano, a Dudu Pukwana ndi a Nikele Moyake pa sakisofoni, a Mongezi Feza pa lipenga, ndi a Louis Moholo pa ng'oma. A McGregor anali mzungu, anzao asanu anali anthu akuda. Pansi pa malamulo a tsankho la apartheid, amene analekanitsa mitundu pa malo okhala ndi pa malo a zisangalalo, gulu lotere linali kuimba movutikira, ndipo malo amene likanaloledwa kuonekera anali kucepera-cepera. Pamene anaitanidwa ku cikondwerero ca jazz ca ku Antibes m'dziko la France mu July 1964, oimbawa anapita akudziwa kuti mwina sadzabwereranso.

Moyo wa ku Ulaya sunali wofewa. Cikondwerero citatha, gululi linasowa nchito ndipo linayamba kuimba m'misewu ya kumwera kwa France kuti lipeze cakudya. Kenaka linapita ku Zurich m'dziko la Switzerland, ndipo mu 1965 linafika ku London. A Moyake anadwala, anabwerera kwao, ndipo posapita nthawi anamwalira. Otsalawo anapeza kuti ku London anthu anali kuwatamanda kwambiri, koma malipiro anali ocepa.

Pa nthawi imeneyo nyimbo za jazz zinali pa kusintha kwakukulu. M'kaimbidwe kakale, woliza besi anali ngati mlonda wa nthawi: anali kuponda kanai pa muyeso uliwonse, kutsatira ndondomeko ya nyimbo imene inakonzedwa kale, pamene a malipenga anali kuonetsa luso lao patsogolo. Kuyambira mu 1959, a Ornette Coleman a ku America pamodzi ndi woliza besi wao a Charlie Haden anayamba kuimba mosatsatira ndondomeko yotereyi. Kaimbidweka kanachedwa free jazz. Mmenemo oimba amapeka nyimbo pomwepo, aliyense akumvetsera mnzake, ndipo besi imakhala ndi ufulu wotsogolera, wotsutsa kapena woyankha monga cida cina ciliconse.

A Dyani analowa m'kaimbidwe katsopanoka ndi mtima wonse. Mu 1966 anapita ku Argentina ndi a Steve Lacy, woliza sakisofoni wa ku America, pamodzi ndi a Enrico Rava a ku Italy ndi a Moholo. Mu October caka cimeneco anajambula ku Buenos Aires cimbale cochedwa The Forest and the Zoo, cimene cili ndi nyimbo ziwiri zokha zazitali, zopekedwa pamaso pa anthu. Ulendowu sunabweretse ndalama, ndipo a Dyani ndi a Moholo anatsalira ku Argentina kwa miyezi yambiri asanapeze njira yobwerera ku Ulaya. Atabwerera ku London anajambula cimbale ca Very Urgent ndi gulu la a McGregor, cimene cinatuluka mu 1968, ndipo anaimbanso ndi gulu la Spontaneous Music Ensemble la a John Stevens.

Cimene cinawasiyanitsa ndi anzao a ku Ulaya ndi ku America cinali cakuti ufulu wao unali ndi mizu. Oimba ambiri a free jazz anali kuthawa nyimbo zokhala ndi mang'ombe omveka ndi kugunda kovinika. A Dyani sanaone cifukwa cotayira zimenezo. Anali kukoka nsambo mwamphamvu kotero kuti besi inali kumveka ngakhale pakati pa phokoso la malipenga ndi ng'oma. Nthawi zina anali kuliza ndi uta, kutulutsa mau okhala ngati kubuula, kenaka n'kugwera pa kacigawo kafupi kobwerezabwereza konga ka nyimbo za kumudzi, uku akuimba kapena kufuula m'Cixhosa. Motero womvera anali kuzindikira kuti kuitana ndi kuyankha, kumene anthu a mu Africa amacita pa maliro, pa ukwati ndi pa mapemphero, nakonso ndi kupeka nyimbo pomwepo.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 anasamukira ku Copenhagen m'dziko la Denmark, ndipo patapita zaka pafupifupi khumi anapita kukakhala ku Sweden. Mu 1972 anapanga gulu la anthu atatu ndi a Feza ndiponso a Okay Temiz, woliza ng'oma wa ku Turkey, ndipo anajambula Music for Xaba ku Stockholm. Mu 1973 anajambula Good News from Africa ali awiri okha ndi a Dollar Brand, amene anadzadziwika ndi dzina lakuti Abdullah Ibrahim, ndipo mu 1979 awiriwa anajambulanso Echoes from Africa. Anagwiranso nchito ndi a Don Cherry, a David Murray ndi a Mal Waldron a ku America, komanso a John Tchicai a ku Denmark.

Imfa inapitiriza kulowa m'gulu la Blue Notes. Mu December 1975 a Feza anamwalira ku London ndi cibayo ali ndi zaka 30. Mwambo wa cikumbutso utatha, a Dyani, a McGregor, a Pukwana ndi a Moholo analowa m'nyumba yojambuliramo ndipo anaimba kwa maola angapo popanda kukonzekera. Zimene anaimba tsikulo zinatuluka pa cimbale ca Blue Notes for Mongezi, cimene ndi maliro oliridwa ndi zida zoimbira.

Mu September 1977 a Steve Biko anafera m'manja mwa apolisi a boma la tsankho. A Biko anakulira ku King William's Town, tauni imene tsopano imachedwa Qonce, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kucokera kwao kwa a Dyani. Mu July 1978 a Dyani anajambula cimbale ca Song for Biko pamodzi ndi a Cherry, a Pukwana ndi a Makaya Ntshoko, pansi pa kampani ya SteepleChase ya ku Denmark. Caka comweco anajambulanso Witchdoctor's Son, ndipo pambuyo pake kunabwera Mbizo, Afrika, Born Under the Heat ndi Angolian Cry, cimene cinajambulidwa mu 1985. Maina a zimbalezi okha akusonyeza kumene mtima wao unali. Pamene atsogoleri a cipani ca ANC anali kumenya nkhondo ya ufulu ali ku likulu lao ku Lusaka, a Dyani anali kukumbutsa anthu a ku Ulaya za nkhondo yomweyo kupyolera m'nyimbo.

M'zaka zao zomaliza anaimbanso m'gulu lochedwa Detail pamodzi ndi a Stevens ndi a Frode Gjerstad a ku Norway. Anamwalira mwadzidzidzi ku West Berlin atangocoka kuimba, pa nthawi imene dziko la South Africa linali pansi pa lamulo la nyengo ya cipwirikiti. Mu 1987 anzao atatu otsala anajambula Blue Notes for Johnny, monga mmene anacitira ndi a Feza.

A McGregor anamwalira mu May 1990 ndipo a Pukwana anatsatira mu June caka comweco, patangopita miyezi yocepa a Nelson Mandela atatuluka m'ndende. Mwa anthu asanu ndi mmodzi amene anacoka mu 1964, a Moholo okha ndiwo anaona masankho a mitundu yonse a mu 1994. Iwo anabwerera kukakhala ku Cape Town mu 2005 ndipo anamwalira mu June 2025.

Mu 2003 a Lars Rasmussen anasindikiza ku Copenhagen buku lonena za moyo ndi nchito ya a Dyani. Mu 2007 boma la South Africa, pansi pa mtsogoleri Thabo Mbeki, linapereka mendulo ya Order of Ikhamanga ya siliva ku gulu la Blue Notes. Ulemuwu unafika patatha zaka 21 a Dyani atamwalira, ndiponso zaka 43 kucokera pamene anacoka m'dziko limene malamulo ake anawaletsa kuimba momasuka ndi anzao.