Kardinala Charles Lavigerie ndi Nkhondo Yolimbana ndi Ukapolo

M'mwezi wa Novembala Eklezia amakumbukira ana ake amene anatsogola. Mmodzi mwa iwo ndi episkopi amene anamwalira pa 26 Novembala 1892 mumzinda wa Algiers, kumpoto kwenikweni kwa Africa. Iwowa sanapondepo phazi m'dziko lathu, komabe ndiwo anatuma ansembe amene anatsegula mishoni yoyamba ya Katolika kuno, m'mudzi wa Mfumu Mponda ku Mangochi. Dzina lawo ndi Kardinala Charles Lavigerie. Mbiri yawo imalimbitsa mtima, koma ilinso ndi chenjezo kwa aliyense wofuna kuyankhulira anthu oponderezedwa.

Ulendo wa ku Damasiko

Ambuye Lavigerie anabadwa pa 31 Okutobala 1825 pafupi ndi mzinda wa Bayonne, kumwera chakumadzulo kwa France. Anadzozedwa unsembe mu 1849, ndipo pokhala munthu wanzeru anaphunzitsa mbiri ya Eklezia pa yunivesite ya Sorbonne ku Paris. Akanatha kukalambira m'mabuku momwemo. Koma mu 1860 kunabuka chipolowe ku Lebanon ndi ku Syria, ndipo Akhristu zikwizikwi anaphedwa. Bambo Lavigerie, amene panthawiyo ankatsogolera bungwe lothandiza sukulu za Akhristu a m'maiko amenewo, anasonkhetsa ndalama napita okha kukagawa chithandizo.

Ku Damasiko anakaonana ndi Abd el-Kader, mtsogoleri wachisilamu wa ku Algeria amene anamenyana ndi asilikali a France zaka zambiri asanagonje ndi kuchotsedwa kwawo. Pa masiku a chipolowe aja, Msilamu ameneyu anabisa Akhristu ambiri m'nyumba mwake, anyamata ake akulondera pakhomo. Wansembe wa ku France anapita kukathokoza munthu amene dziko lake linalandidwa ndi France yemweyo. Anabwerera kwawo mtima wawo utatembenukira ku umishonale.

Njala ya ku Algeria

Mu 1863 anasankhidwa kukhala episkopi wa Nancy, ndipo mu 1867 anavomera kupita ku Algiers ngati arkiepiskopi. France inali italanda mzindawu mu 1830, nkumapitirira kulanda dziko lonselo. Arkiepiskopi watsopanoyo anapeza dziko logawikana pawiri. Atsamunda ochokera ku Ulaya ankakhala m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ndi pa minda yachonde imene boma linawapatsa, pamene eni nthaka ambiri anali atakankhidwira kumapiri ndi kumalo ouma. Dzombe, chilala ndi kolera zitabwera motsatizana pakati pa 1866 ndi 1868, njala inagwa makamaka pa eni dzikowo, popeza nkhokwe zawo zinali zitaphwasuka kale ndi nkhondo komanso misonkho. Anthu anafa miyandamiyanda, ena m'misewu yolowera m'matauni.

Ambuye Lavigerie anatola ana amasiye oposa 1,000 nawasunga m'nyumba za dayosizi. Bwanamkubwa MacMahon anafuna kuti njala ikatha anawo abwezedwe kumafuko awo, poopa kukwiyitsa Asilamu. Arkiepiskopi anakana, nakadandaula mpaka kwa Mfumu Napoleon III. Pakanapanda iwo ana ambiri akanafa. Komabe Asilamu ena ankaona kuti mlendo wapezera mwayi pa njala kuti atenge ana awo ndi kuwasintha chipembedzo. Patapita zaka zochepa, potumiza amishonale kumapiri a Kabylia, anawalamula kuti asathamangire kubatiza, koma ayambe ndi sukulu, zipatala ndi kukhala bwino ndi anthu.

Ntchito ya ana amasiye imeneyi ndiyo inabala zipani ziwiri zimene timazidziwa kuno kwathu. Mu 1868 anayambitsa chipani cha Amishonale a Africa, amene ambiri timawatcha White Fathers chifukwa cha mkanjo woyera wofanana ndi wa anthu a ku Algeria, ndipo mu 1869 anayambitsa chipani cha masisitere. Malamulo awo anali olimba: mmishonale aphunzire chiyankhulo cha anthu mpaka aleke kudalira womasulira, adye chakudya chawo, alembe miyambo yawo, ndipo ofuna ubatizo aphunzire zaka zinayi. Ankaphunzitsanso kuti ntchito yokhalitsa idzagwiridwa ndi Aafirika eni ake, amishonale ndi ongoyambitsa chabe.

Njira za akapolo

Mu 1878 Papa Leo XIII anapereka kwa chipanichi dera la nyanja zikuluzikulu za pakati pa Africa. Chaka chomwecho amishonale khumi ananyamuka wapansi ku Bagamoyo, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Tanzania, kulunjika ku nyanja za Tanganyika ndi Victoria. Njira imene anadzera inali yomwe ija ya akapolo, ndipo makalata amene ankatumiza ku Algiers ankasimba zimene anaona ndi maso: midzi yotenthedwa, mizere ya anthu omangidwa magoli m'khosi, ndi mitembo ya olefuka yosiyidwa panjira.

Malonda amenewa anali ndi misewu yake yodziwika. Umodzi unkachokera ku Ujiji kudzera ku Tabora mpaka ku Bagamoyo. Ina inkachokera kuno kwathu: ku Nkhotakota, a Jumbe ankawolotsa anthu pa zombo kupita tsidya la kum'mawa kwa nyanja, kenaka ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa. Ena ankadutsa kumunsi kwa nyanja, pamene mtsinje wa Shire umatulukira. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malonda anapitirira mobisa. Ogwidwawo ankakalima minda ya ku Zanzibar ndi ku Pemba, ena nkugulitsidwa kutali. Minyanga ya njovu imene inkayenda nawo limodzi inkathera ku India, ku Ulaya ndi ku America, kumene ina ankaisema makiyi a piyano.

Chimene chinkasunga malondawa chinali mfuti. Mfumu yopanda mfuti inkagwidwa ndi anthu ake omwe, ndipo kuti ipeze mfuti ndi onga inkayenera kupereka minyanga kapena anthu. Motero oyandikana anasanduka adani. Mabanja anathawa m'zigwa zachonde nakabisala pamwamba pa mapiri ndi pazilumba, kumene kulima kunali kovuta, ndipo njala inkatsatira.

Poyamba amishonale ankawombola ana ndi ndalama zochokera kwa Akhristu a ku Ulaya. Mmodzi mwa ana otere anali Adrien Atiman, wobadwira chakufupi ndi Timbuktu, amene anawomboledwa ku Algeria, naphunzira zachipatala pachilumba cha Malta, kenaka natumikira odwala ku Karema, m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika, kuyambira 1889 mpaka imfa yake mu 1956. Koma kuwombola mwana mmodzimmodzi sikukanatseka msika. Nthawi zina ndalama ya chiwombolo inkangolimbikitsa wogwira anthu kuti akagwire ena.

Mawu amene anagwedeza Ulaya

Ambuye Lavigerie anakhala kardinala mu 1882. M'mwezi wa Meyi 1888, Papa Leo XIII analembera maepiskopi a ku Brazil kalata yotsutsa ukapolo, ndipo anatuma kardinalayu kuti akadzutse maiko a Ulaya. Ngakhale anali wodwaladwala, anayamba ulendo. Pa 1 Julaye analalikira m'tchalitchi cha Saint-Sulpice ku Paris. Kumapeto kwa mwezi womwewo anayankhula ku London pamaso pa anthu amene ambiri sanali Akatolika, nayamikira ntchito ya David Livingstone. Pa 15 Ogasiti anali ku Brussels, ndipo mu Disembala anali ku Roma. Uthenga wawo unali umodzi: kapolo ndi munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo kumugulitsa ndi mlandu wokhudza anthu onse, achipembedzo chilichonse ngakhalenso opanda chipembedzo. Manyuzipepala anafalitsa mawu awo, ndipo mabungwe olimbana ndi ukapolo anayambika m'maiko angapo.

Chotsatira chake chinali msonkhano wa maiko ku Brussels, umene unayamba mu 1889 ndi kutha ndi pangano la pa 2 Julaye 1890. Panganolo linalola kufufuza zombo panyanja, linaika malire pa malonda a mfuti ndi mowa waukali, ndiponso linalamula kuti akapolo omasulidwa atetezedwe.

Koma akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zaka zochepa m'mbuyomo, pamsonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885, maiko omwewo anali atagwirizana malamulo ogawanira Africa, popanda Mwafirika ngakhale mmodzi pa zokambiranazo. Pangano la ku Brussels linanena kuti njira yothetsera ukapolo ndi kumanga malinga a asilikali, misewu ndi njanji m'kati mwa Africa. Apa aliyense wofuna kulanda dziko anapeza chifukwa chomveka bwino. Germany inatchula ukapolo pothira nkhondo anthu a m'mphepete mwa nyanja ku Tanzania amene anaiukira mu 1888. Mfumu Leopold II ya ku Belgium, imene inalandira msonkhanowo mumzinda wake, inathamangitsa ogulitsa akapolo kum'mawa kwa Congo, kenaka nkukakamiza anthu a ku Congo kutolera mphira mwankhanza zoopsa: midzi kutenthedwa, akazi kugwidwa ngati chikole, anthu kudulidwa manja. Kardinala anamwalira zambiri mwa izi zisanaululike. Komabe iwonso ankakhulupirira kuti mphamvu za Ulaya, ngakhale mfuti zake, zingathe kubweretsa chilungamo, ndipo ankakonda kuona mbendera ya France ikupita patsogolo kumpoto kwa Africa. Apa ndi pamene maso awo sanaone patali.

Kwa Mponda

Zimenezi zinaonekera poyera m'dziko lathu lino. Portugal inkafuna kulumikiza Mozambique ndi Angola, choncho inkati dera la Shire ndi nyanja ndi lake. Britain inkakana, poloza amishonale a ku Scotland amene anali kale ku Blantyre ndi ku Bandawe. Pofuna umboni woti derali ndi lawo, Apwitikizi anapangana ndi Kardinala Lavigerie mu 1889 kuti atumize ansembe pansi pa chitetezo cha Portugal. Kardinala anaona khomo lotseguka lofikira pa imodzi mwa njira zazikulu za akapolo, ndipo anavomera.

Bambo Lechaptois, Bambo Mercui, Bambo Heurtebise ndi Bulazala Antoine anafika kwa Mponda pa 28 Disembala 1889. Patangopita masabata awiri, pa 11 Januwale 1890, Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake m'derali, ndipo Portugal inagonja. Amishonale aja anatsala okha, opanda wowateteza, m'mudzi wa mfumu imene chuma chake chinkachokera ku malonda omwe iwo anabwera kudzatsutsa. Angelezi ankawaona ngati nthumwi za Apwitikizi. Anatsegula kasukulu, ankapereka mankhwala kwa odwala, ankalemba zimene ankaona tsiku ndi tsiku, koma akapolo ankadutsabe pamaso pawo. Mu Juni 1891 ananyamuka kupita kwa Amambwe, kumpoto kwa Zambia ya lero. Chaka chomwecho dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain. Malonda a akapolo anathetsedwa ndi nkhondo za Harry Johnston, mpaka kugonjetsedwa kwa Mlozi ku Karonga mu 1895, koma m'malo mwake munabwera msonkho wa nyumba, kulandidwa kwa malo ndi thangata.

Mishoni imene inabwera itatsamira mbendera ya Portugal inagwa pamodzi ndi mbenderayo. Mbewu inamera pa ulendo wachiwiri: ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers anabwerera natsegula Mua mu 1902, kenaka Likuni ndi Kachebere mu 1903. Kardinala anali atamwalira kale ndi kuikidwa ku Carthage, m'dziko la Tunisia.

Zimene atisiyira

Kardinala Lavigerie anamva kulira kwa anthu amene sanawaonepo, ndipo anathera mphamvu zawo zomaliza powayankhulira pamaso pa mafumu. Ichi tiyenera kuwathokoza nacho. Kulakwitsa kwawo kunali kupereka mlandu wa akapolo m'manja mwa anthu amene anali ndi zofuna zawozawo, osafunsa eni ake ovutikawo.

Kugulitsa anthu sikunathe. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo lothana ndi mchitidwewu mu 2015 chifukwa ulipo pakati pathu. Misewu yake lero ndi ya mabasi ndi ndege: mtsikana wotengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, nkudzakhala wantchito wam'nyumba wosalipidwa m'tauni muno, mnyamata woweta ng'ombe kapena wogwira ntchito m'minda ya fodya pa msinkhu wokhala m'kalasi, mayi wolonjezedwa ntchito kunja kwa dziko, nkulandidwa pasipoti atangofika. Ambiri mwa owatengawo amabwera ngati othandiza, ndipo ena mwa iwo ndife tomwe.

Tikakumana m'miphakati sabata ino, tifunsane moona: mwana amene ali m'nyumba mwathu amapita kusukulu? Wantchito wathu amalandira malipiro ake pa nthawi yake, ndipo ali ndi tsiku lopuma? Amatha kupita kwawo akafuna? Ndipo wina akabwera ndi lonjezo lokoma kwa ana athu, tisachite manyazi kufunsa chimene iye apindulepo.

Tiwapempherere Ambuye Lavigerie, amishonale aja a kwa Mponda, ndi makolo athu osawerengeka amene anafera m'njira ya ku Kilwa, amene mayina awo akudziwa ndi Mulungu yekha. Mizimu yawo iuse mumtendere.