Paul Cézanne: Wojambula Amene Sanali Kufulumira

Pakati pa zithunzi zimene zisungidwa mu nyumba ya Petit Palais mu mzinda wa Paris, dziko la France, pali ca mwamuna wa ndevu atakhala pampando, mwendo pamwamba pa unzake, buku lili pamiyendo. Mwamunayo ndi Ambroise Vollard, wogulitsa zithunzi. Anam'jambula ndi malemu Paul Cézanne mu caka ca 1899.

A Cézanne anabadwa pa 19 Januwale 1839 ku Aix-en-Provence, kum'mwera kwa France. Atate awo, amene anali ndi banki, anafuna kuti mwana aphunzire za malamulo, koma iye anasankha utoto ndi burashi napita ku Paris mu 1861. Kumeneko zithunzi zawo zinakanidwa kawirikawiri pa cionetsero cacikulu ca Salon. Anaonetsako nchito yawo pamodzi ndi gulu la Impressionists mu 1874 ndi 1877, kenaka anatenga njira yawoyawo. Anzawo anali kuthamangira kugwira kuwala kwa kanthawi. Iwo anali kufuna cinthu cokhazikika, comangidwa pang'onopang'ono ndi timizere ta utoto monga mmisiri aika njerwa.

A Vollard ndiwo anawakonzera cionetsero coyamba ca iwo okha mu 1895, ali ndi zaka 56. Patapita zaka zinayi anavomera kujambulidwa, osadziwa cimene cinali kuwayembekezera. Malinga ndi zimene a Vollard analemba pambuyo pake, anakhala pampando umenewo maulendo 115, m'mawa kwa maola atatu kapena kuposerapo, osaloledwa kugwedezeka. Mpandowo unali pa thandala losakhazikika bwino. Tsiku lina tulo tinawaba, ndipo anagwa pansi pamodzi ndi mpando. Wojambulayo anakalipa, nawauza kuti azikhala duu monga cipatso ca apozi, pakuti apozi sasuntha.

Woyang'ana cithunzici asafune kumwetulira pankhope, palibe. Maso ali mumthunzi, suti ndi yofiirira, ndipo mwamunayo aoneka wolemera ngati thanthwe. Kuwala kuli pamphumi ndi pa shati yoyera ya pacifuwa, mbali yokhayo imene a Cézanne anati siinawakhumudwitse. Cocititsa cidwi kwambiri cili padzanja: timalo tiwiri tating'ono tinasiyidwa topanda utoto. Anaopa kuti akaikapo mtundu wolakwika, adzayenera kuyambanso cithunzi conse kucokera pamenepo. Ena angati uku ndi kuuma mutu, koma ndi kukhulupirika kwa munthu wosafuna kunamiza diso.

Cithunzico anacisiya cosatha nabwerera ku Aix. Mu Okutobala 1906 mvula ya mkuntho inawapeza akujambula panja, ndipo anamwalira ndi cibayo patapita masiku ocepa, ali ndi zaka 67. Cionetsero cowakumbukira cinacitika ku Paris mu 1907, ndipo cinasonkhezera kwambiri ojambula acinyamata monga Pablo Picasso ndi Georges Braque.