MAI WOCAPA ZOBVALA AMENE ANAMANGA FAKITALE: MBIRI YA MADAM C. J. WALKER

Tikamva za anthu amene anayambitsa makampani akulu-akulu, ambiri timaganiza kuti anali anthu obadwira m'cuma ndiponso ophunzira kwambiri. Sabata ino tikuuzani mbiri ya mai wina wakuda wa ku America amene anabadwira m'munda wa thonje, nakhala mwana wamasiye asanakule, nacapa zobvala za eni kwa zaka zoposa 15, koma pomwalira m'caka ca 1919 anasiya fakitale yao-yao ndi amai zikwi-zikwi odzidyetsa okha cifukwa ca nchito imene iwo anawaphunzitsa. Dziko lonse liwadziwa ndi dzina lakuti Madam C. J. Walker.

UBWANA WA MABVUTO

Dzina lao lobadwa nalo linali Sarah Breedlove. Anabadwa pa 23 December, 1867, pa famu ya thonje ya ku Delta m'cigawo ca Louisiana, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Mississippi. Atate ake a Owen ndi amai ake a Minerva anali akapolo pa famu yomweyo kufikira pamene ukapolo unathetsedwa m'dzikomo. Ana onse amene anabadwa Sarah asanabadwe anabadwira mu ukapolo. Iye ndiye anali woyamba m'banjamo kubadwa mfulu.

Koma ufuluwo unadza wopanda munda, wopanda ng'ombe, wopanda sukulu. Banjalo linapitiriza kulima thonje pa nthaka ya mwini famu. Pofika zaka 7, Sarah anali atataya amai ndi atate ake omwe. Anaoloka mtsinje napita ku Vicksburg kukakhala ndi mkulu wake Louvenia, ndipo kumeneko anayamba kugwira nchito m'nyumba za azungu akali mwana. Maphunziro ake onse a ubwana anali miyezi itatu cabe, ndipo anawalandira ku sukulu ya Sande.

Mlamu wake anali munthu wankhanza. Pofuna kuthawa nkhanzazo, Sarah anakwatiwa ndi a Moses McWilliams m'caka ca 1882 ali ndi zaka 14. Mu June, 1885, anabala mwana wamkazi dzina lake Lelia, ndipo uyu ndiye mwana yekha amene anakhala naye. M'caka ca 1887 a McWilliams anamwalira. Pa msinkhu wa zaka 20, Sarah anali kale mai wamasiye, mwana ali kumsana.

NCHITO YOCAPA KU ST. LOUIS

Mai Sarah ananyamula mwana wao napita ku mzinda wa St. Louis, kumene alongo ao anali kugwira nchito yometa tsitsi. Iwo anayamba kucapa zobvala za anthu olemera. Nchitoyi inali yothyola msana: kutunga madzi, kuwiritsa zobvala m'miphika yaikulu, kufikisa ndi manja pa thabwa, kuyanika ndi kusita. Tsiku lonse lathunthu anali kupata dola imodzi ndi theka, mwinanso osafika pamenepo. Pa tindalama tomweti anali kupatula pang'ono-pang'ono, kotero kuti anakhoza kutumiza Lelia ku koleji ya Knoxville.

Ku St. Louis analowa mpingo wa St. Paul wa African Methodist Episcopal, mpingo womwe uja wa A.M.E. umene tiudziwa kuno ku Zambia. Mu mpingomo anakumana ndi amai akuda ophunzira, aphunzitsi ndi atsogoleri a mabungwe, obvala mwaudongo ndi olankhula mosaopa pamaso pa anthu. Poona amai amenewa, Mai Sarah anayamba kukhulupirira kuti naonso sanabadwire thabwa locapira. M'caka ca 1894 anakwatiwanso ndi a John Davis, koma ukwatiwo sunawapatse mtendere ndipo unatha patapita zaka zingapo.

TSITSI LIYAMBA KUTHOTHOKA

M'zaka zomwezo anagwidwa ndi bvuto limene linali kusautsa amai ambiri osauka: mfundu, kuyabwa ndi zilonda za m'mutu, kufikira tsitsi linayamba kuthothoka ndi kusiya dazi m'malo ena. Cifukwa cake sicinali cobisika. Nyumba za anthu osauka zinalibe madzi a m'mipope, conco anthu sanali kutsuka kumutu kawiri-kawiri. Sopo wa masiku amenewo anali waukali, wopsereza khungu, ndipo cakudya cinali cosakwanira. Mai aliyense adziwa manyazi amene amadza tsitsi likayamba kucoka, makamaka kwa munthu amene afunika kukaonekera pakhomo la bwana kukapempha nchito.

Mu mzinda womwewo munali mai wina wakuda, a Annie Turnbo, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti Annie Malone. Iwo anali kupanga mafuta a tsitsi ndi kulemba amai ena kuti aziwagulitsira khomo ndi khomo. Mai Sarah anadzola mafutawo, naona kuti awathandiza, ndipo ca m'ma 1904 anakhala mmodzi wa ogulitsa a Mai Turnbo, nalandira gawo lao pa katundu yense amene anagulitsa. Apa ndi pamene anaphunzirira malonda, komanso anaona cinthu cimodzi: miyendo yoyenda inali yao, pakamwa pokopa ogula panali pao, koma dzina la pa citini ndi phindu lalikulu zinali za mwini wake.

DZINA LATSOPANO KU DENVER

Mu July, 1905, ali ndi zaka 37, anasamukira ku Denver m'cigawo ca Colorado. Anapeza nchito yophika, napitiriza kugulitsa mafuta a Mai Turnbo, koma usiku anali kuyesa kusanganiza mafuta ao-ao. Mu January, 1906, anakwatiwa ndi a Charles Joseph Walker, amene anali kugwira nchito yolengeza malonda m'manyuzipepala. Kucokera pamenepo anadzicha Madam C. J. Walker. Dzinali linali ndi nchito yake. M'masiku amenewo azungu anali kuitana mai wakuda ndi dzina lake la ubwana ngakhale akhale ndi imvi. Dzina lakuti Madam linakakamiza yense woŵerenga citini kapena kalata kuwachula mwaulemu.

Caka comweco analeka kugulitsa za eni nayamba kugulitsa mafuta ao ochedwa Wonderful Hair Grower. Munali sulufule, mafuta onga Vaseline, mafuta a kokonati, phula la njuci ndi zonunkhiritsa. Iwo eni anali kusimba kuti msanganizowo anaulandira kutulo, atapemphera. Mai Turnbo anakwiya, nati mafuta ao abedwa, ndipo amai awiriwa sanagwirizanenso. Coonadi ndi cakuti sulufule wosanganiza ndi mafuta anali mankhwala a m'mutu odziwika kale onse awiri asanayambe malonda. Tinenenso pano kuti Madam Walker sindiwo anayamba kupanga cipeso cacitsulo cotenthetsa pamoto, monga ena amanenera. Cipesoco anacipeza cilipo.

Cimene cinapambanitsa Madam Walker cinali njira yao. Sanali kungosiya citini pakhomo ndi kulandira ndalama. Anali kukhazika mai pampando, kumutsuka kumutu, kumusisita khungu, kumudzoza mafuta ndi kumupesa, anansi alikuona. Pa zitini ndi m'manyuzipepala anaikamo cithunzi ca nkhope yao ndi tsitsi lao. Mai wakuda poona cithunzico anaona munthu wonga iye mwini.

KUCOKA M'KHICHINI KUFIKA KU FAKITALE

Kwa miyezi yambiri Madam Walker ndi amuna ao anayenda m'mizinda ndi m'midzi ya kumwera ndi kum'mawa kwa America, kulankhula m'mipingo ndi m'misonkhano, pamene Lelia anatsala ku Denver kutumiza katundu pa positi. M'caka ca 1908 anasamukira ku Pittsburgh natsegula sukulu yophunzitsa kasamalidwe ka tsitsi, imene anaicha Lelia College.

Makalata oitanitsa katundu anaculuka kotero kuti kusanganiza mafuta m'nyumba kunakhala kosakwanira. M'caka ca 1910 anapita ku Indianapolis, mzinda umene njanji zambiri zinali kukumana, kuti katundu azifika msanga kumbali zonse za dziko. Kumeneko anakhazikitsa fakitale, ndipo m'caka ca 1911 analembetsa ku boma kampani yochedwa Madam C. J. Walker Manufacturing Company. Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso kuti sukulu yao inali yocepa, analemba nchito anthu ophunzira. Loya wacinyamata, a Freeman B. Ransom, anayang'anira za malamulo ndi ndalama. Mphunzitsi wina, a Alice Kelly, anakhala kapitao wa fakitale. M'caka ca 1912 ukwati wao ndi a Walker unatha, koma dzina analisunga, pakuti linali litasanduka cuma ca kampani.

Caka comweco ca 1912 anapita ku Chicago ku msonkhano wa amalonda akuda wochedwa National Negro Business League, umene mtsogoleri wake anali a Booker T. Washington. Sanapatsidwe mpata wolankhula. Tsiku lomariza anaimirira pakati pa anthu nafotokoza okha m'mene anacokera ku munda wa thonje, kupita ku thabwa locapira, kukhichini, kufikira pomanga fakitale pa malo ao-ao. Caka cotsatira anaitanidwa monga mmodzi wa olankhula. M'caka ca 1913 anafikitsa malonda ao ku Jamaica, Haiti, Cuba, Costa Rica ndi Panama.

GULU LA AMAI OGULITSA

Mphamvu yeni-yeni ya kampaniyi inali amai ogulitsa. Anali kubvala malaya oyera ndi masiketi akuda, cikwama cakuda ciri m'manja, kuyenda khomo ndi khomo. Ambiri a iwo anali kale ocapa, ophika ndi olima m'minda ya eni. Pofika caka ca 1917 kampaniyo inanena kuti inali itaphunzitsa amai pafupi-fupi 20,000. M'cakaco Madam Walker anaitanitsa msonkhano waukulu wa ogulitsa ao ku Philadelphia, ndipo panafika amai okwana ngati 200. Mphoto zinapatsidwa kwa ogulitsa kwambiri, komanso kwa awo amene anathandiza kwambiri osauka m'madera ao.

Iwo eni anapereka citsanzo. M'caka ca 1911 analonjeza madola 1,000 omangira nyumba ya Y.M.C.A. ya anthu akuda ku Indianapolis. Anathandiza masukulu, ana amasiye ndi okalamba. Atasamukira ku Harlem mu mzinda wa New York m'caka ca 1916, analowa m'nkhondo yolimbana ndi mcitidwe woipa wa magulu a azungu wopha anthu akuda popanda kuwazenga mlandu. M'caka ca 1917, anthu akuda ambiri ataphedwa ku East St. Louis, iwo anali pakati pa atsogoleri amene anapita ku White House kukapempha lamulo loletsa kupha kotere. Pulezidenti Woodrow Wilson sanaonane nao. M'caka ca 1919 analonjeza madola 5,000 ku bungwe la N.A.A.C.P. kuti lipitirize nkhondoyo.

IMFA NDI ZIMENE ANASIYA

M'caka ca 1918 analowa m'nyumba yao yatsopano ya zipinda 34 yochedwa Villa Lewaro ku Irvington, kufupi ndi New York. Mapulani ake analembedwa ndi katswiri wakuda, a Vertner Tandy. Koma anakhalamo caka cimodzi cokha. Matenda a kuthamanga kwa magazi anaononga impso zao, ndipo anamwalira pa 25 May, 1919, ali ndi zaka 51. Anaikidwa ku manda a Woodlawn ku New York. Cuma cao cinawerengedwa kukhala ca madola ngati 600,000, ndalama zoopsa pa nthawi imeneyo, ndipo gawo lina analisiyira masukulu ndi mabungwe othandiza anthu.

Mwana wao, amene pambuyo pake anadziwika ndi dzina lakuti A'Lelia Walker, anatenga utsogoleri wa kampani kufikira imfa yake m'caka ca 1931. M'caka ca 1927 kampaniyo inatsegula nyumba yaikulu ku Indianapolis yokhala ndi fakitale, maofesi ndi holo ya zoonetsa. Kampaniyo inatseka m'caka ca 1981, koma m'caka ca 1998 boma la America linasindikiza sitampa ya positi yokhala ndi nkhope ya Madam Walker.

PHUNZIRO KWA IFE

Masiku ano munthu wofuna kuyamba malonda a mafuta odzola kapena sopo safunika kumanga fakitale monga anacitira Madam Walker. Alipo mafakitale amene amapangira anthu ena katundu mwa pangano, namata dzina la wolipirayo pa botolo. Njirayi ipeputsa katundu, koma mafunso amene anabvuta Madam Walker ndi Mai Turnbo akalipobe. Msanganizo ndi wa yani? Dzina la pa botolo lalembetsedwa kwa yani? Ogula adziwa yani? Woyamba malonda otere aonetsetse kuti zonsezi zalembedwa m'pangano asanapereke ndalama, pakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Mafuta a Madam Walker anali a zinthu wamba zimene wina aliyense akanagula ku sitolo ya mankhwala. Cimene anali naco iwo ndico kudziwa bvuto la amai anzao cifukwa linawagwera iwo eni, kusunga dzina lao, kulemba nchito odziwa kuposa iwo, ndi kugawana phindu ndi amai amene anali kuyenda ndi katundu. Amai a m'makalabu athu amene apanga sopo, kuyenga mafuta a nshawa kapena kusoka zobvala angapeze m'mbiri iyi zambiri zokambirana pa msonkhano wao wotsatira.