Maria Sibylla Merian, mai amene anatsata mbozi mpaka ku Suriname

Mu caka ca 1699, mai wina wa zaka 52 anakwera combo ku Amsterdam pamodzi ndi mwana wake wamkazi, Dorothea Maria, kupita ku Suriname, dziko la ku South America limene linali m'manja mwa a Dutch. Sanatumidwe ndi boma. Ndalama za ulendo anazipeza pogulitsa zithunzi zake, ndipo cimene anali kufuna kukaona cinali mbozi.

Mai ameneyu anali Maria Sibylla Merian, wojambula zithunzi ndi wolemba mabuku wa ku Germany. Anabadwira mu mzinda wa Frankfurt pa 2 April 1647. Atate ake, Matthäus Merian, anamwalira iye ali ndi zaka zitatu, ndipo luso la kujambula analiphunzira kwa Jacob Marrel, mwamuna waciwiri wa amake.

Pa masiku amenewo, anthu ambiri anali kukhulupirira kuti tizilombo timangobadwa kucokera m'matope kapena m'zinthu zoola. Merian anayamba kuweta mbozi ali ndi zaka 13. Anazidyetsa masamba, nayembekezera mpaka zitaluka cikwa ndi kutuluka ngati agulugufe. M'buku lake la 1679 anajambula dzira, mbozi, cikwa ndi gulugufe pamodzi ndi comera cimene mboziyo imadya.

Ku Suriname, azungu a minda ya nzimbe anamuseka cifukwa sanali kusamala za shuga. Amene anamuthandiza anali akapolo ocokera ku Africa ndi eni nthaka a kumeneko. Iwo ndiwo anamulambulira njira m'nkhalango, kumubweretsera tizilombo ndi kumufotokozera nchito za zomera. Merian analemba zimene akazi aukapolo anamuuza, kuti anali kugwiritsa nchito njere za duwa lina pocotsa pathupi kuti ana awo asabadwire mu ukapolo wankhanza. Cacisoni ndi cakuti sanalembe dzina la mmodzi yense wa anthu amenewa, ngakhale kuti popanda iwo nchito yake sikanatheka.

Matenda anamubweza ku Amsterdam mu 1701. Buku lake lalikulu, Metamorphosis insectorum Surinamensium, linatuluka mu 1705 ndi zithunzi 60. Anamwalira pa 13 January 1717, patapita zaka ziwiri cidwalire matenda ofa ziwalo. Mfumu Peter the Great ya ku Russia inagula zithunzi zake zambiri, ndipo zikusungidwabe mu mzinda wa Saint Petersburg.